Bambo akasiya mfuti m'kabati: momwe namfedwa amapezera mtengo wake ndi kuzigulitsa ku Britain

Patatha masiku ochepa chiikireni maliro a amuna awo, mayi wina wachizungu amene timapemphera naye mpingo umodzi kuno ku England anandiitana kunyumba kwawo. Ndisanakhale n'komwe pansi ananditengera kukachipinda ka pansi pa masitepe, momwe amasungamo majombo ndi majasi a mvula. Mkatimo munali kabati yachitsulo yondifika pachifuwa, yomangidwa kukhoma ndi mabawuti.

"Mwana wanga, umu muli mfuti," anatero. "Kaya zilimo zingati, sindidziwa. Kiyi wakenso sindidziwa komwe bambo ankaika. Zaka zonsezi tili pabanja sanandiuzepo."

Mumtima ndinawaweruza malemuwo, kuti ankabisiranji akazi awo kanthu kochepa ngati kiyi. Pambuyo pake ndinazindikira kuti ankangomvera lamulo. Ku Britain munthu wopanda chiphaso cha mfuti saloledwa kukhala ndi njira iliyonse yofikira mfuti, ngakhale akhale mkazi wa mwini wake. Mu 2000 khoti la apilo linagwirizana ndi apolisi amene anakana kupatsanso chiphaso mkulu wina, chifukwa mayi ake, nkhalamba ya zaka zoposa 80, ankadziwa pomwe pamakhala kiyi wa kabati. Choncho amayi ambiri amasiye amatsala ndi kabati yotseka, osadziwa zomwe zili mkati, kuchuluka kwake ngakhale mtengo wake.

Ambiri a ife ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe timagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo, ena m'midzi ya alimi momwe mfuti yosakira mbalame si chinthu chachilendo. Ena anakwatiwa kapena kukwatira m'mabanja a kuno. Tsiku lina namfedwa adzatembenukira kwa ife, chifukwa ndife tili pafupi. Zomwe ndinaphunzira pothandiza mayi aja zinagona pa mfundo iyi: kwa apolisi thamangirani lero lomwe, koma pogulitsa dekhani.

Chiphaso chimafa ndi mwini wake

Kwathu njinga ya malemu, wailesi kapena makasu, abale akagawana nkhani yatha. Mfuti kuno siyenda choncho. Lamulo lalikulu ndi Firearms Act ya 1968, lomwe limagwira ntchito ku England, Wales ndi Scotland. Ku Northern Ireland kuli malamulo akeake. Chiphaso chimaperekedwa kwa munthu mmodzi, chimakhala zaka 5, ndipo sichisiyidwa ngati cholowa. Wilu ikhoza kunena kuti mfuti zonse ndi za mwana woyamba, inde ndi zakedi, koma sangazinyamule kupita nazo kwawo ngati alibe chiphaso chakechake. Kusunga mfuti popanda chiphaso ndi mlandu womwe ungafikitse munthu kundende zaka 5.

Choyamba ndi kuimbira apolisi a m'deralo pa nambala 101 ndi kufunsa ofesi yoona za ziphaso za mfuti. Musadikire kuti maliro aikidwe, pakuti kuno thupi limatha milungu ingapo lisanaikidwe m'manda. Apolisi sabwera ndi unyolo kwa mayi wolira amene wawauza yekha zoona. Amapereka chilolezo cha kanthawi chotchedwa Section 7 permit, chomwe chimalola namfedwa kapena woyang'anira chuma cha masiye kusunga mfutizo kwa nthawi yoikika pamene akukonza zozigulitsa kapena kuzipereka kwa wina. Nthawiyo si yaitali, ndiye tsiku lothera chilolezo lilembedwe pakalendala.

Njira ina ndiyo kuitana wogulitsa mfuti wolembetsedwa ku polisi, amene kuno amangoti RFD, kuti adzazitenge akasunge kusitolo kwake. Amalipiritsa kusunga, nthawi zambiri pa mfuti iliyonse, choncho funsani mtengo asananyamule, ndipo asiye lisiti yolembapo dzina la mfuti iliyonse ndi nambala yake. Ine njira imeneyi ndiyo ndimaikonda, ndipo chifukwa changa si cha malamulo okha ayi. Nyumba imene mwagwa maliro mumakhala anthu osweka mtima, ena osagona tulo, ena oganiza zoopsa usiku. Mfuti zikachoka msanga m'nyumba yotere zimapita ndi nkhawa imene palibe amafuna kuitchula. Ngati namfedwa wayamba kunena kuti moyo ulibenso phindu, musangomva n'kusiya; khalani naye, uzani dokotala wake, ndipo a Samaritans, bungwe lomvetsera anthu osweka mtima, amayankha foni pa 116 123 usana ndi usiku.

Kiyi wa kabati ya mayi aja tinamupeza patatha masiku atatu, m'chitini cha misomali kugalaja. Sitinatsegule tokha. Tinadikira wapolisi wa ku ofesi ya ziphaso, amene anafika ndi mndandanda wa mfuti zolembetsedwa m'dzina la malemu. Ankatulutsa imodziimodzi, kuitsegula pakati, kusuzumira m'mpope poloza kuwindo, kenako kuwerenga nambala mokweza. Zinali 6, ndipo zonse zinagwirizana ndi pepala lake. Mayi aja anaima pakhomo atagwira chibwano, osanena kanthu.

Mfuti zonse si zofanana pamaso pa lamulo, ndipo apa mpofunika kumvetsa. Pali shotgun, imene ena kwathu amati chifefe: mpope wake ndi wosalala mkati, wautali mainchesi 24 kapena kuposa, ndipo ili ndi chiphaso chakechake. Pali rifle, yamizere mkati mwa mpope, yosakira nyama monga agwape kapena yolasira chandamale. Imeneyi imafuna firearm certificate, ndipo mwini wake amayenera kupereka chifukwa chomveka pa mfuti iliyonse. Lee-Enfield .303, imene asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland ankanyamula pankhondo, ili m'gulu limeneli, ndipo imapezeka kawirikawiri m'makabati a anthu okonda zakale. Kenako pali zoletsedwa, za gawo la lamulo lija lotchedwa Section 5. Munthu atapha anthu 16 ku Hungerford mu 1987, rifle zazikulu zodzilowetsa zokha chipolopolo china zikangowomba zinaletsedwa mu 1988. Ana 16 ndi mphunzitsi wawo ataphedwa pasukulu ku Dunblane mu March 1996, mapisito ambiri analetsedwa mu 1997. Munthu wamkulu wopezeka ndi mfuti ya gulu limeneli, chilango chake chimayambira pa zaka 5, pokhapokha patakhala zifukwa zapadera kwambiri.

Msampha wagona pamenepo. Zomwe zili m'kabati zimakhala zolembetsedwa. Choopsa ndi chomwe chili kudenga, m'sutikesi yakale, chokulungidwa m'nsanza ya mafuta: pisito ya Webley kapena Luger imene agogo anabwera nayo kuchokera kunkhondo, yosalembedwa paliponse. Mukaipeza, isiyeni pomwepo. Musaiike m'chikwama kuti mupite nayo kupolisi, musaionetse anansi, imbani foni abwere okha. Ngati ili ndi mbiri, funsani ngati nyumba yosungiramo zakale, monga Royal Armouries ya ku Leeds, kapena wamalonda wololedwa kugwira za Section 5, angaitenge m'malo moti iphwanyidwe.

Kwa inu anzanga osamalira okalamba ndinene mosapita m'mbali. Namfedwa akati "tenga kamfuti aka ukasunge kwanu" kapena "ndakupatsa, bambo ankakukonda", kanani mwaulemu. Musanyamule ngakhale bokosi la zipolopolo m'galimoto yanu. Lamulo la UK Borders Act la 2007 limati mlendo woweruzidwa kukhala m'ndende miyezi 12 kapena kuposa ayenera kubwezedwa kwawo. Chifundo cha tsiku limodzi chikhoza kukuthetserani ntchito, viza ndi sukulu ya ana.

Palinso mfuti zamakedzana, zangati gogodela wathu uja wothira wonga kukamwa, zomwe anthu amapachika pakhoma ngati chokongoletsa. Izi zimasungidwa popanda chiphaso ngati zinapangidwa lisanafike tsiku la 1 September 1939, ngati kawombedwe kake kapena zipolopolo zake ndi zomwe boma linalemba kuti zinatha ntchito, komanso ngati palibe amene akuziwomba. Koma mu March 2021 mitundu 7 ya zipolopolo inachotsedwa pa mndandandawo, kuphatikizapo .44 Smith & Wesson Russian, chifukwa zigawenga zinayamba kugula mapisito akalewo n'kumawapangira zipolopolo. Ndiye kuti pisito yomwe malemu anagula mwachilungamo mu 2010 ngati chokongoletsa, lero ikhoza kukhala mlandu. N'chimodzimodzi mfuti zophedwa kuti zisawombenso: kuyambira 2017, yophedwa motsatira muyezo wakale siloledwa kugulitsidwa kapena kupatsidwa kwa munthu mpaka itakonzedwanso.

Mtengo wake ndi uti?

Mfuti imodzi imakhala ndi mitengo itatu, ndipo anthu ambiri amapsa mtima chifukwa chosokoneza mitengoyi. Wa pa pepala la inshuwalansi ndi ndalama zogulira ina yofanana nayo kusitolo, ndipo ndiwo waukulu. Wachiwiri ndi womwe mfutiyo ikanagulidwa pamsika pa tsiku lomwe mwini wake anamwalira. Umenewu ndiwo amafuna a msonkho a HMRC powerengera chuma cha masiye. Msonkho wa cholowa ndi 40 peresenti pa chuma chopyola mapaundi 325,000, ngakhale kuti chosiyira mkazi kapena mwamuna wako kawirikawiri sichidulidwa. Wachitatu ndi womwe wamalonda angakupatseni m'manja lero, ndipo ndiwo wotsika, pakuti naye ayenera kukonza mfutiyo, kuisunga mwina chaka, n'kupezapo phindu. Namfedwa akaona pepala la inshuwalansi kenako n'kumva mtengo wa wamalonda, amaganiza kuti akuberedwa. Nthawi zina akuberedwadi, koma nthawi zambiri wangoyerekeza zinthu ziwiri zosiyana.

Katswiri akagwira shotgun sayamba n'kusirira maluwa ozokotedwa pachitsulo. Amachotsa kathabwa ka pansi pa mipope, n'kuchotsa mipopeyo, n'kuitembenuza. Pansi pake pali tizizindikiro tating'onoting'ono todindidwa ndi nyumba zoyesa mfuti. Ku Britain nyumbazi zilipo ziwiri: ya ku London, ya bungwe la opanga mfuti lomwe linakhazikitsidwa mu 1637, ndi ya ku Birmingham ya 1813. Kumeneko mfuti imawombedwa ndi wonga wamphamvu kuposa wa masiku onse, ikapirira imadindidwa, ndipo kukula kwa bowo la mpope kumalembedwa. Zaka zikamapita dzimbiri limadya mkati, amisiri amapala kuti muyere, bowo limakula, khoma la mpope limapyapyala. Bowo likakula kupyola malire, chidindo chija chatha ntchito, ndipo lamulo la 1868 limaletsa kugulitsa mfuti yotere mpaka itayesedwanso. Poyesedwa ikhoza kuphulika, mwini wake n'kutsala ndi zidutswa. Amalonda amayezanso khoma la mpope ndi kachipangizo kawo, ndipo likachepera 20 pa magawo 1,000 a inchi, ogula ambiri amabwerera m'mbuyo.

Ndinaona ndi maso anga momwe kachipangizo kameneka kamaswera mtima. Pa mfuti 6 zija panali imodzi imene malemu ankaikonda koposa, ya bambo awo, thabwa lake losalala ngati mpini wa khasu logwiritsidwa ntchito zaka zambiri. Mayi aja ankakhulupirira kuti imeneyo ndiyo chuma. Katswiri anaiyeza kawiri, naika pansi mosamala, nati mipope yake yatha ndipo kuikonza kungadye ndalama zoposa mtengo wake. Mayiwo anangoti, "Koma bambo ankaipukuta Lamlungu lililonse." Katswiriyo anayankha kuti zikuoneka, ndipo sanawonjezepo mawu. Pamene ina yomwe inali pakona, m'bokosi lachikopa long'ambika, imene mayiwo sankaidziwa n'komwe, ndiyo inali yamtengo.

Dzina la wopanga limalemera kwambiri. Purdey, Holland & Holland ndi Boss a ku London, Westley Richards wa ku Birmingham, ndi Rigby wodziwika ndi rifle zosakira nyama zazikulu ku Africa ndi India, ndiwo maina omwe amadzutsa ogula. Purdey yatsopano imapyola mapaundi 100,000. Koma mfuti wamba yamipope iwiri yogundizana m'mbali, ya mtundu womwe alimi ankagula wochuluka, lero pa okushoni ina siifika n'komwe mapaundi 100. Opanga otchukawa amasunga mabuku awo akale, ndipo mukawatumizira nambala ya mfuti amatha kukuuzani chaka chomwe inapangidwa ndi munthu amene anaiitanitsa. Mbiri yotere imakweza mtengo modabwitsa: shotgun ya kampani ya Fox imene Theodore Roosevelt, yemwe anakhalapo pulezidenti wa America, anapita nayo ku ulendo wake wosaka ku Africa inagulidwa madola 862,500 mu 2010, pamene inzake yopanda mbiri siifika ngakhale pafupi. N'chifukwa chake musataye kapepala kalikonse. Malisiti, makalata, zithunzi za malemu ali kosaka, kabuku kolembamo mbalame zomwe anapha, bokosi lachikopa ngakhale long'ambika, zonse ziyende ndi mfuti yake. Ngati pali ziwiri zofanana zolembedwa 1 ndi 2, ndi mapasa, musazilekanitse pogawana. Pamodzi zimagulidwa bwino kuposa iliyonse payokha.

Ndipo chonde, musazikwechese. Mtima wathu umafuna kuti katundu wogulitsa aziwala, ndiye munthu amatenga sitiliwulu ndi vanishi. Pa mfuti yakale, mtundu woyambirira wa chitsulo ndi thabwa ndiwo ogula amalipira. Kuupala ndi kutaya ndalama ndi manja ako omwe.

China chomwe chagwetsa msika ndi nkhani ya mtovu. Mu February 2020 mabungwe a osaka, kuphatikizapo BASC, anapempha anthu awo kusiya zipolopolo za mtovu m'zaka 5, ndipo mu July 2025 boma linalengeza kuti liziletsa mwalamulo. Zolowa m'malo mwake zambiri ndi zachitsulo, zomwe ndi zolimba, ndipo mipope yakale yopyapyala sizigwirizana nayo bwino. Achinyamata nawonso amakonda mfuti ya mipope yosanjikizana, wina pamwamba wina pansi. Choncho mtengo womwe malemu ankatchula zaka 15 zapitazo ukhoza kukhala utatsika, popanda wina wonama.

Tsopano za alendo obwera msanga. Sabata yomweyo ya maliro kunafika mnzawo wa malemu amene ankasaka naye. Anapepesa bwinobwino, kenako anati akhoza kutenga mfuti zonse pa mtengo umodzi kuti awachotsere mayiwo mtolo. Anali ndi chiphaso, ndipo mwina mtima wake unali wabwino. Koma ine zinandikumbutsa za kwathu, momwe ena amayamba kuwerenga mbuzi ndi malata anthu akadali pasiwa, khalidwe lomwe lamulo la chuma cha masiye la 2011 ku Malawi linaliika kukhala mlandu. Kuno salanda ndi mphamvu, amabwera ndi mawu okoma ndi cheke. Ndinawapempha mayi aja kuti ayankhe mawu amodzi okha kwa aliyense: "Zikomo, ndikuuzani akatswiri akaziona." Ya m'bokosi lachikopa ija yokha inadzagulidwa ndalama zoposa zomwe mkulu uja anatchula pa zonse 6.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Funsani akatswiri awiri kapena atatu osadziwana, ndipo mmodzi akhale woti sakufuna kugula. Nyumba za okushoni zodziwa mfuti, monga Holts ya ku Norfolk, Gavin Gardiner ndi Bonhams, zimapereka mtengo woyerekeza, ndipo zotsatira za malonda awo akale zimapezeka pa intaneti. Yang'anani ndalama zomwe mfuti yofanana inagulidwadi, osati zomwe wina akuitanira pa tsamba la malonda a mfuti la GunTrader, pakuti kuitanira aliyense amaitanira momwe wafunira.

Njira zogulitsira zilipo zingapo ndipo iliyonse ili ndi podulira pake. Kugulitsa kwa wamalonda n'kwachangu, ndalama zake zochepa. Kumusiyira kuti akugulitsireni n'kudula komishoni kumabweretsa zochulukirapo, koma mutha kudikira miyezi. Okushoni ndiyo yoyenera mfuti yamtengo kapena yachilendo, chifukwa ogula a m'mayiko ambiri amalimbirana. Amene anagulitsapo fodya ku Kanengo kapena ku Limbe akudziwa kuti mtengo wotchulidwa pa belo si ndalama zomwe zimafika m'thumba. Kunonso n'chimodzimodzi: wogulitsa amadulidwa komishoni, mwinanso za zithunzi, inshuwalansi ndi kuyesetsa mfuti, pamene wogula amawonjezera pafupifupi 25 peresenti pamwamba pa mtengo womwe nyundo yagunda, zomwe zimamuchititsa kuitanira motsika. Gwirizanani polemba mtengo wotsikitsitsa womwe mungalole, ndipo funsani chomwe chidzachitike mfuti ikapanda kugulidwa.

Kugulitsa kwa munthu wamba n'kololedwa, koma kuli ndi zingwe zake. Wogula aonetse chiphaso chenicheni, osati chithunzi cha pafoni. Pa rifle chiphasocho chiyenera kukhala ndi malo ololeza mtundu womwewo wa mfuti. Muonane maso ndi maso, zolembedwa zilowe pa chiphaso cha wogula, ndipo apolisi adziwitsidwe asanathe masiku 7. Facebook ndi eBay saloleza malonda a mfuti, ndipo kulengeza pa WhatsApp kuti m'nyumba ya mayi wokhala yekha muli mfuti 6 n'kuitana akuba. Za kutumiza kumudzi m'kontena pamodzi ndi mafiriji ndi zovala, iwalani: kutulutsa mfuti m'dziko kumafuna chilolezo cha boma la Britain, ndipo kwathu nakonso mfuti siilowa kapena kusungidwa popanda chiphaso cha apolisi.

Ngati mwana kapena mdzukulu akufuna kusungako imodzi, apemphe chiphaso msanga, mfutiyo idikire kwa RFD. Kuyambira November 2021, pambuyo pa kuphedwa ndi mfuti kwa anthu 5 ku Plymouth mu August chaka chomwecho, wopempha aliyense ayenera kupereka umboni wa dokotala, ndipo m'madera ena yankho limatenga miyezi yambiri. Woyang'anira chuma cha masiye alembe mtengo wa mfutiyo pa gawo la wolandirayo, kuti abale ena asadzadandaule mawa. Zipolopolo ndi wonga zotsala musazitaye m'bini kapena kuzitentha. Wamalonda kapena apolisi amazitenga. Zopanda mtengo zomwe palibe akuzifuna zikhoza kuperekedwa kupolisi kuti zikaphwanyidwe, ndipo pamenepo palibe cholipira.

Kwa mayi aja zonse zinatenga miyezi 7. Ziwiri zinapita ku okushoni, zitatu anagula wamalonda, ndipo mnzawo wa malemu uja anakagula imodzi mwa izo kusitolo pa mtengo wake woyenera. Ya mipope yotha ija anakana kuti iphwanyidwe. Analipira mmisiri kuti aiphe motsatira muyezo wa lero, nyumba yoyesa mfuti inaidinda n'kupereka satifiketi, ndipo tsopano ili pakhoma m'chipinda chochezera, pansi pa chithunzi cha apongozi awo. Kabati yachitsulo anaipereka kwa mlimi woyandikana nawo. Loweruka lotsatira ndinapita ndi pulasitala kukatseka mabowo anayi a mabawuti m'kachipinda ka pansi pa masitepe, mayiwo atandigwirira tochi.